Ana Otsatira Njerwa

Mu ufumu wa Tionamawa, kumene ngakhale mvula imayamba yadikira kuti nduna zivomereze, munali boma lina lotchedwa Nkhanizokha. Bomali linali ndi zigawo ziwiri za maphunziro, Kwathunkuno ndi Tinayambandife. Pakati pa zigawo ziwirizi panali msika wa Pamalire, pomwe anthu a mbali zonse ankagulitsana zinthu uku akunenana. A ku Kwathunkuno ankati anzawowo ndi odzikuza. A ku Tinayambandife ankavomera kuti n'zoona, ndipo ali ndi chifukwa.

Chigawo chilichonse chinali ndi bwana wake wa maphunziro, galimoto yake, ndi sukulu zomwe zinkafanana pa chinthu chimodzi: ana ochuluka, zipinda zochepa. Pasukulu ya pulayimale ya Kwathunkuno, ana aang'ono ankapanikizana m'zipinda ziwiri zong'aluka makoma, pamene a makalasi akuluakulu ankaphunzirira panja. Mitambo ikangoda, mphunzitsi wamkulu, a Zimpita, ankayang'ana kumwamba, n'kuimba belu, ana n'kumwazikana. Ana a kumeneko ankadziwa za nyengo kuposa masamu.

Wapampando wa komiti ya makolo pasukuluyo anali Mayi Felesiya Nasibeko, wogulitsa tomato ndi anyezi pa Pamalire. Anali mayi wamfupi, wosakweza mawu, woti akakuyankha umazindikira utafika kale kunyumba kuti wakulalatira. Mwana wake woyamba, Ndaziona, anali kubwereza Sitandade 7, osati chifukwa cha ubongo, koma chifukwa chaka chathacho mvula inagwa bwino.

Khonsolo ya Nkhanizokha inauzapo makolo kuti, "Inu umbani njerwa, ife tibweretsa simenti ndi malata." Amene anatsogolera ntchitoyo anali amuna ake a Nasibeko, a Lufeyo. Amuna anaponda dothi, amayi anatunga madzi mpaka makosi kuuma, ndipo uvuni unaima kuseri kwa sukulu wautali ngati tchalitchi. A Lufeyo anausonkhezera okha moto mpaka njerwa zinapsa psuu, zolira ngati chitsulo ukazigogoda. Dzinja lotsatira anadwala chifuwa n'kumwalira. Pamaliro, khansala wa deralo, a Gwedeza, anagwetsa misozi n'kulonjeza kuti simenti ili m'njira. Njirayo iyenera kuti inali yaitali, chifukwa pa uvuni panamera udzu, mbuzi zinapasandutsa phiri lawo, abuluzi anaberekana mpaka kuona zidzukulu.

Ndiye kunachitika kuti mwini dziko, Mfumu Salakwa Wachiwiri, inapita kukacheza kunja. Mfumuyi inali yofatsa, koma ufumu wake unali ndi lamulo limodzi lalikulu: chimene mfumu yanena ndicho chilipo. Tsiku lina pa chionetsero cha zaulimi inaloza bulu n'kunena kuti, "Hatchi yokongola bwanji!" Kuyambira pomwepo abulu onse a mu Tionamawa ndi mahatchi, ndipo mlangizi amene anayesa kukonza mawuwo anatumizidwa kukalondera malire kudambo la udzudzu.

Itabwerako kunjako, mfumu inalengeza pa wailesi kuti yaona zodabwitsa. Kumayiko a anzathu, zinthu ziwiri amaziphatikiza n'kukhala chimodzi chokoma, monga tiyi ndi mkaka. Choncho inalamula kuti zigawo za maphunziro ziphatikizidwe, abwana achepe, sukulu zatsopano zichuluke.

Khonsolo ya Nkhanizokha inakumana mwachangu, chifukwa kunamveka kuti kudzakhala mpunga ndi nkhuku. Mayi Nasibeko anasiyira mnzake benchi ya tomato, n'kukakhala kumbuyo pa mabenchi a anthu wamba. Kutsogolo kunakhala wapampando wa khonsolo, a Kadyankena, munthu wa mimba yomwe inkalowa m'chipinda mwini wake asanafike.

"Olemekezeka," anatero a Kadyankena, "mwini dziko walankhula. Ife ntchito yathu ndi yongovomera, koma tivomere mozama."

Woyamba kuima anali a Gwedeza. "Ine ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse. Chigawo chatsopanochi chitchedwe Kwathunkuno-Tinayambandife."

Khansala wa mbali inayo, a Chikwapu, anadzuka mpando mpaka kugwa. "A wapampando, kodi makutu anga akumva bwino? Dzina lathu likunena lokha kuti tinayamba ndife. Tikhala bwanji kumbuyo ngati mchira? Chikhale Tinayambandife-Kwathunkuno!"

"Mchira ndi ndani?" anakuwa a Gwedeza.

"Amene wafunsayo!"

Khansala wina wokonda mtendere anati adule maina onse pakati, chigawo chitchedwe Kwathundife. A Chikwapu anati ndi bwino afe. Wina anati nanga Tinayambakuno. A Gwedeza anati mizimu ya makolo awo singagone. Pamenepo fungo la nkhuku linalowa pa zenera, ndipo kwa nthawi yoyamba khonsolo inagwirizana pa chinthu chimodzi.

Nkhani ya dzina inadya chilimwe chonse. Pomaliza anagwirizana kuti chigawocho chizingotchedwa Chigawo, poyembekezera kafukufuku. Kenako inabwera nkhani ya abwana. Bwana wa maphunziro wa Kwathunkuno sakanachotsedwa, chifukwa anthu ake akanaona ngati agonja. Wa Tinayambandife sakanachotsedwa, chifukwa anayamba ndi iye. Khonsolo inaganiza mozama, n'kupeza nzeru: onse awiri akhale, koma pamwamba pawo pakhale wachitatu wowaphatikiza. Mwamwayi munthu woyenera anapezeka msanga. Anali mlamu wa a Kadyankena, yemwe kale ankayang'anira madibi a ng'ombe.

"Munthu ameneyu," anafotokoza a Kadyankena, "ali ndi luso lolowetsa zamoyo zambiri pamalo ochepa. Maphunziro athu akufuna zimenezo."

Za sukulu zatsopano anakambirana ndithu. Khansala aliyense anabwera ndi malo abwino kwambiri, ndipo zinangochitika kuti malo aliwonse anali moyang'anizana ndi golosale ya khansalayo. Atalephera kumvana, ananyamuka onse kupita ku hotela ina ya kumapiri kuti akaganize mopanda phokoso la ana.

Atabwerako ali onyezimira masaya, Mayi Nasibeko anakweza dzanja. Analikweza mpaka linachita dzanzi, ndipo a Kadyankena anamuona atatopa kumuzemba.

"Nenani msanga, mayi."

"Zikomo, bwana. Ine za maina sindidziwa. Ndimangoti ndikumbutse kuti kwathu njerwa zilipo kale, zapsa, zikungodikira. Mutatipatsa simenti ndi malata, ana akhoza kulowa m'kalasi mvula isanabwere. Dzinalo mukhoza kudzalemba pakhomo mukalipeza."

A Kadyankena anamwetulira ngati munthu amene wapatsidwa mankhwala owawa pagulu. "Mayi, mwalankhula zanzeru. Koma nkhani ya njerwa ili pa mutu wa zina ndi zina, ndipo zina ndi zina tidzakamba mawa." Komabe anatembenukira kwa mlembi wawo n'kunong'ona, "Njerwa zake n'zambiri?"

Kumsika, moyang'anizana ndi benchi ya Nasibeko, kunali chiwaya cha kanyenya cha a Yotamu Kachingwe a ku Tinayambandife. Awiriwa anakhala akutsutsana kwa zaka pa chilichonse, kuyambira utsi wa chiwaya mpaka za mbali yomwe ili ndi akazi odziwa kuphika.

"Ndamva munakalankhula kukhonsolo, make Ndaziona," anatero a Kachingwe uku akutembenuza nyama. "Akupatsani simenti?"

"Andipatsa mawa."

"Sungani bwino, ifenso anatipatsa yemweyo. Paja nafenso tili ndi uvuni wathu. Waukulu kuposa wanu, sindikunama."

"Ndiye mbuzi zanu zili ndi mwayi, a Kachingwe. Zikuphunzira pamalo okwera."

Patangopita masiku ochepa, malole a khonsolo anafika pasukulu ya Kwathunkuno. Amayi anathamanga n'kuyamba nthungululu, ena anavula mipango n'kumavina, poganiza kuti simenti ija yafika. Koma malolewo anali opanda kanthu. Anyamata a ganyu anatsika, anathamangitsa mbuzi, n'kuyamba kupasula uvuni. Nthungululu zinazilala imodzi imodzi.

"Mukupita nazo kuti?" anafunsa Nasibeko.

"Ife tangotumidwa, mayi," anayankha dalaivala osamuyang'ana.

Nasibeko anakwera kabaza n'kutsatira fumbi la lole yomaliza. Fumbilo linamufikitsa pa kamtunda kena kuseri kwa msika wa Pamalire, pomwe anapeza maziko okumbidwa kale, matumba a simenti ataunjikidwa ngati chimanga cha mwini esiteti, ndi malata atsopano akuthwanima. Pambali panaima a Kachingwe, epuloni ili m'chiuno, mpeni wa nyama ukadali m'manja. Nawonso anatsatira fumbi lawo.

"Zanu ndi ziti?" anafunsa Nasibeko.

"Sindikuzizindikiranso," anatero a Kachingwe ndi mawu otsika. "Azisakaniza."

Nasibeko anatola njerwa imodzi, naigogoda ndi chala. Inalira ngati chitsulo. Anaibwezera pamulu mwaulemu, ngati akugoneka khanda.

A Kadyankena anali pomwepo, atavala chipewa cha amisiri pamwamba pa suti. Sanadikire kufunsidwa. "Anthu inu muyenera kunyadira. Pano tikumanga Likulu la Maphunziro. Popeza zigawo zaphatikizidwa, njerwa nazo zaphatikizidwa. Taganizani: mwana angaphunzire popanda mphunzitsi? Mphunzitsi angaphunzitse popanda womuyang'anira? Nanga womuyang'anirayo ayang'anira ali pati? Nyumba imayambira kudenga, mayi, mukaifunsa bwino."

"Zikomo potiphunzitsa, bwana," anatero Nasibeko. "Ife timayesa simenti inasowa m'dziko muno. Kani imangosankha pogona."

Anthu a ku Nkhanizokha anaona chozizwitsa. Boma lomwe linkatenga zaka kuti likonze mjigo linamanga nyumba ngati bowa womera usiku umodzi. Munali chipinda chachikulu cha bwana woyamba, china chofanana ndendende cha bwana wachiwiri kuti pasakhale nsanje, ndi china choposa zonse cha mlamu uja. Munali holo ya misonkhano, chipinda chodikiriramo msonkhano, ndi chipinda chopumuliramo ukatha msonkhano. Zimbudzi zake zinali zamadzi. Anthu ankapita kukasuzumira pa mawindo Lamulungu akaweruka kutchalitchi.

Mvula inayamba. Belu la a Zimpita linkalira dzuwa lisanakwere n'komwe. Tsiku lina Ndaziona anafika kumsika atanyowa chapuchapu, makope ake atasanduka phala. Anakhala pansi pa benchi ya mayi ake, n'kunena kuti, "Amayi, ine basi. Anzanga apita kutauni kukalera ana a eni ake, akuti kumeneko amagona m'nyumba ya malata. Ndibwerezenso kachitatu kuti anthu azindiseka? Mawa sindipitako."

Nasibeko sanamukalipire. Anamufunditsa chitenje chake, n'kuyang'ana kumtunda kuja, komwe denga la Likulu linkatsetsereka madzi bwinobwino popanda munthu mkati. A Kachingwe, amene anamva zonse, anatumiza kanyenya pa kapepala.

Sabata yomweyo galimoto ya zokuzira mawu inazungulira msika. Mwini dziko adzabwera yekha kudzatsegula chipatso choyamba cha lamulo lake. Ana onse a sukulu a mbali zonse ziwiri adzandande m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa, atasamba, kuti adzaimbe. Amayi adzavine. Wosabwera adzafotokoza chifukwa.

Galimoto itapita, Nasibeko anawoloka kanjira kolekanitsa benchi yake ndi chiwaya, chinthu chomwe anali asanachitepo.

"A Kachingwe, mwamva kuti ana athu aitanidwa?"

"Ndamva. Akaime pamvula kuimbira nyumba."

"Ndi zomwe ndikuganiza. Ana aitanidwa ndi boma. Mvula ikagwa, boma lingafune kuti ana a mfumu anyowe? Adzabisala pati?"

A Kachingwe anasiya kutembenuza nyama. Anayang'ana kumtunda, anayang'ana mayiyo, ndipo pang'onopang'ono mano awo onse anaonekera. "Mayi inu ndinu woopsa. Mukanabadwira kwathu."

"Kwanu kuli mabolodi angati oti n'kunyamulika?"

"Oposa anu."

"Bweretsani onse. Muwaike pangolo, pamwamba muunjikepo ng'oma."

Wovuta anali a Zimpita. Atamva, anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Mayi Nasibeko, ine ndatsala pang'ono kupuma pantchito. Mukufuna ndikathere kudambo la udzudzu?"

"Sitikukupemphani chachilendo, aphunzitsi. Mitambo ikada mumatani?"

"Ndimaimba belu."

"Basi. Mudzabwere nalo."

A Zimpita anavalanso magalasi. "Belu ndidzaimba, poti ndi ntchito yanga. Kumene ana adzathawire, ine sindidzaona. Maso anga ndi okalamba. Ndipo ndikadzapeza ana akhala pansi m'chipinda, choko chili m'thumba, sindidziwa chimene manja anga adzachite."

Tsiku lija linafika. Ana anandanda kuyambira pamsika mpaka pamtunda, a Kwathunkuno mbali iyi, a Tinayambandife mbali inayo, akuponyerana mawu. Ndaziona analipo, atakokedwa ndi mayi ake. Makhansala onse, abwana atatu aja ndi apolisi anakwera magalimoto kukachingamira mfumu kumalire a boma, aliyense pofuna kuti nkhope yake ioneke yoyamba. Pa Likulu panatsala mlonda yekha, nkhalamba yomwe zidzukulu zake zinali pamzere womwewo.

Mfumu, monga mwa ulemu wake, inachedwa. Dzuwa litapendeka, kum'mawa kunada bii. Mphepo inanyamula mipango ya amayi ovina. Dontho loyamba litagwa, a Zimpita anayang'ana kumwamba, anapuma mozama, n'kuimba belu.

"Agogo, tsegulani, ana a mfumu akunyowa!" anakuwa Nasibeko.

Mlonda anayang'ana makiyi, anayang'ana zidzukulu zake, n'kutsegula zitseko zonse, ndi za zimbudzi zomwe. Ana anakhamukira mkati ngati ngumbi. A Kachingwe ndi anzawo anatsitsa ng'oma pangolo, n'kutulutsa mabolodi. M'phokoso lija palibe anakumbuka kufunsa kuti uyu ndi wa mbali iti. Aphunzitsi anangoti a Sitandade 1 uku, a Sitandade 7 uko, ndipo poti ana sangangokhala, choko chinayamba kulira pa bolodi.

Mdipiti wa magalimoto utafika, mumsewu munalibe woimba ngakhale mmodzi. A Kadyankena anatsika thukuta likutuluka pamvula, atagwirira mfumu ambulera. Ankati ayambe kupepesa, koma mfumu inakweza dzanja.

"Tamverani," inatero.

M'nyumba monse munkamveka mawu a ana akubwereza za mphunzitsi, chipinda chilichonse nyimbo yake. Mfumu inayenda yokha kulowa. M'chipinda choyamba inapeza tiana titakhala pa kapeti tikuwerenga a, e, i, o, u. M'chipinda cha mlamu uja inapeza a Zimpita akulemba masamu, ndipo Ndaziona anali kutsogolo, atakhala pa mpando wofewa wozungulira, akulemba pa tebulo lonyezimira. Mfumu inaima pakhomo, maso ake ananyowa. Pa zaka zonse za ufumu wake inali italamula zinthu zambiri, koma aka kanali koyamba kuona lamulo lake lili ndi denga.

"Sukulu yokongola bwanji!" inatero.

Kunja mvula inkagwabe. A Gwedeza anayang'ana nsapato zawo. A Chikwapu anayamba kutsokomola. A Kadyankena anatsegula pakamwa, anakumbuka dambo la udzudzu, n'kutsekanso.

"Ndi... ndi nzeru zanu, mwini dziko," anatero pomaliza.

Anaitengera mfumu pa chikwangwani chophimbidwa ndi nsalu. Mfumu inakoka chingwe, n'kuwerenga mokweza: "Likulu la Maphunziro." Inagwedeza mutu mokhutira. "Dzina labwino. Maphunziro ake ndi amenewa ndawaona ndi maso angawa. Mpaka zimbudzi zamadzi! Kadyankena, sindinkadziwa kuti umakonda ana chonchi."

"Ndimawakonda kwambiri, mwini dziko," anatero a Kadyankena.

Kenako maso a mfumu anagwera pa amuna atatu a masuti omwe anaima pakona atanyamula zikwama. Paja inalamula kuti abwana achepe, ndiye sikanaganiza n'komwe kuti angakhale abwana. "Awa ndiye aphunzitsi atsopano, eti? Mwachita bwino, ana ndi ambiri. Apatseni choko."

A Zimpita, amene maso awo okalamba anayamba mwadzidzidzi kuona bwino, anatulutsa choko m'thumba n'kupereka kwa aliyense ndi manja awiri. Mlamu wa a Kadyankena anapatsidwa Sitandade 1, poganizira luso lake lija.

Mfumu itanyamuka, a Kadyankena anamupeza Nasibeko pakhonde akufinya chitenje. Nkhope yawo inali itatupa ngati chule.

"Ndikudziwa kuti ndi inu. Mawa m'mawa ana onsewa atuluke. Ino ndi ofesi ya boma!"

"Pepani, bwana, ine ndi wogulitsa tomato, za boma sindizitsata," anatero Nasibeko. "Ndinangomva mwini dziko akuti ndi sukulu. Koma ngati walakwitsa, sanapite patali. Taonani, galimoto yake yatitimira m'matope pamsika apo. Tiyeni ndikuperekezeni mukamuuze."

A Kadyankena anayang'ana kumsika, komwe apolisi ankakankha galimoto ya mfumu. Anakonza tayi, n'kupita kukathandiza kukankha.

Madzulo ake pa wailesi, a Gwedeza anafotokozera mtundu wonse kuti sukuluyo inali loto lawo kuyambira ali mwana. A Chikwapu anaimba foni pa pulogalamu yomweyo kunena kuti analota ndi iwo poyamba.

Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo wamkulu akachita manyazi amafuna pogwetsera mkwiyo. Lolemba lotsatira, anyamata a khonsolo anafika pamsika n'kunyamula benchi ya Nasibeko, ati ikutchinga njira, ngakhale inakhala pomwepo kuyambira Ndaziona asanabadwe. Tomato anamwazika m'matope. Nasibeko anatola amene anatsala, osalira, osatukwana, anthu akungoyang'ana. Malo ake anaperekedwa kwa mphwake wa a Gwedeza wogulitsa makadi a foni.

Anayala thumba pansi kunja kwa mpanda, padzuwa. Sipanapite nthawi, a Kachingwe anatulukira akukoka chiwaya chawo, n'kuchiimika pambali pake pamodzi ndi ambulera yaikulu.

"Musaganize kuti ndakutsatirani," anatero. "Kungoti kanyenya wopanda tomato sayenda malonda."

"Ndipo utsi wanu ndinali nditayamba kuusowa," anayankha Nasibeko.

Ndaziona sanapite kutauni. Chaka chimenecho mvula inagwa yambiri, koma belu la a Zimpita linkalira pa nthawi yake yokha, ndipo anakhoza kupita Sitandade 8. Ana a mbali ziwiri zija ankamenyana pa nthawi yopuma monga ana onse, kenako n'kubwerekana mapensulo. Mlamu uja anapempha yekha kubwerera ku ng'ombe, ati ng'ombe sizifunsa mafunso.

Khonsolo sinagone. Abwana opanda ofesi ndi chinthu chomvetsa chisoni, ndipo makhansala anakhudzidwa kwambiri. Atakumananso kumapiri kuja, anapeza kuti kuphatikiza kwabweretsa chisokonezo. Kunena kuti lamulo la mfumu lalephera sakanatha, choncho analengeza gawo lachiwiri la lamulolo, lotchedwa kuphatikiza kotambasula. Chigawo chigawidwenso pawiri, Kwathunkuno payokha, Tinayambandife payokha, ndipo mbali iliyonse imange ofesi ya bwana wake. Simenti ndi malata zinalipo kale. Chosowa chinali njerwa.

Ntchito yokapempha anthu inagwera a Gwedeza. Anafika pamsika ndi apolisi awiri, n'kuima pafupi ndi galimoto, chitseko chili chotsegula, injini ikulira. Anayamba ndi chibwibwi, akuyembekezera miyala kapena tomato woola.

"Abale anga, chitukuko chimafuna kudzipereka. Tikupempha kuti... mwa kufuna kwanu... muumbenso njerwa. Za maofesi awiri."

Anthu anayang'ana kwa Nasibeko, amene ankapanga milu ya tomato pathumba lake. Anamaliza mulu, anapukuta manja, n'kuimirira.

"Awiri, bwana?"

"Awiri, mayi. Umodzi kwanu, wina kwa anzanuwa."

"Ife zikombole tili nazo," anatero a Kachingwe. "Tiyamba Loweruka. Zathu zidzapsa msanga kuposa zawo."

Amayi anayamba nthungululu. Amuna ankafunsana za dothi labwino ndi nkhuni. A Gwedeza anazimitsa injini, osakhulupirira mwayi wawo, n'kuyamba kugwira anthu chanza. Atafika pa Nasibeko, mayiyo anagwada pang'ono mwaulemu.

"Tingopempha kamodzi, bwana, poti abwana athu timawafunira zabwino. Zipinda zikhale zazikulu, mawindo akhale ambiri kuti asamavutike maso. Ndiye m'chipinda chilichonse, khoma lakutsogolo mulipake utoto wakuda."